Timasamba tonunkhira pakhomo kuno kuchigwa: yambani ndi ndowa zitatu

Ukatchula zitsamba kuno kwathu, ambiri amaganiza za mizu ya kwa asing'anga. Ine ndikunena timasamba tija timene timathira mu tiyi, mu nyemba kapena pa makakana aawisi kuti mphika ununkhire: lemon grass, minti, koriyanda amene ena amati dhania, ndi mpungabwe. Timamera bwinobwino kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma osati m'njira imene amabzalira anzathu a ku Thyolo kapena ku Zomba.

Ulendo wanga woyamba ndinagula kamtolo ka minti mumsika ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala, ndi kutsika nako phiri pa minibasi. Nditafika ndinadzaza ndowa yakuda ndi makande a kuseri kwa nyumba, ndinabzala, ndinaiika pabwalo poyera kuti "ilandire dzuwa", ndipo ndinkathirira masana ndi madzi a pamjigo wathu, amene aliyense amadziwa kuti ndi amchere. Sabata isanathe timasamba tonse tinali titawauka. Zinandiwawa, chifukwa ndinasamala ndi mtima wonse. Amayi ena achikulire oyandikana nawo nyumba ataona ndowayo anandiuza kuti, "Mwananga, mwezi uno si wobzala, ndi wopirira. Udzabwere mvula ikatha ndidzakugawire phata." Zimene ndikulemba pano zinayambira pa phata limenelo.

Choyamba ndi mwezi. Yambani kumapeto kwa Epulo, mu Meyi, kapena mu Juni, nthawi imene anthu amatsikira kumadimba. Miyezi imeneyi usiku kumazizira pang'ono, dzuwa silipsa kwambiri, ndipo kambewu kanthete kamapeza mpata wozika mizu. Mukachedwa mpaka Sepitembala mwayamba kulimbana ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo mbewu imene ilibe mizu yokwanira singapirire. Mkati mwa dzinja namonso, kuyambira Januwale mpaka Malichi, vuto limakhala madzi ochuluka: dothi limakhuta, mizu imawola. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimalimbikitsira woyamba kumene kuti abzale m'ndowa osati pansi. Ndowa umainyamula ndi kuiika pakhonde kapena pathandala. Bedi sungalinyamule.

Chachiwiri, musatole mbewu zambiri. Zitatu zakwana: lemon grass, minti ndi koriyanda. Lemon grass ndi wolimba, amakonda kutentha kwathu, ndipo adzakulimbitsani mtima zina zikakanika. Minti amakuphunzitsani za mthunzi ndi madzi. Koriyanda amakula msanga, mumadya pasanathe miyezi iwiri. Rosemary ndi parsley zisiyeni kaye. Zimavuta m'dothi lolemera ndi m'chifundizi chathu, ndipo zingakufooketseni musanapite patali.

Musanagwire dothi, pezani malo. Tsiku limodzi lokha yang'anitsitsani mmene mthunzi umayendera pakhomo panu. Mukufuna malo amene dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11 koloko, kenako mthunzi. Nthawi zambiri amenewa amakhala mbali ya kum'mawa kwa nyumba, kapena m'mphepete mwa mthunzi wa nimu kapena mango. Pewani khoma la kumadzulo, makamaka la njerwa zootcha kapena pafupi ndi malata, chifukwa limasunga moto wa masana ndi kumaulavulira mbewu mpaka usiku. Mapepala a mbewu zogula amalemba kuti zimafuna dzuwa la tsiku lonse. Malangizo amenewo si a kuno kuchigwa. Ngati pakhomo palibe mtengo, zikani mitengo inayi yofika m'chifuwa ndi kuyala bango kapena mlaza pamwamba motalikirana, kuti kuwala kuzidutsa pang'onopang'ono. Malowo akhalenso pafupi ndi khitchini, poti chimene maso amachiona tsiku ndi tsiku sichiiwalika kuthirira.

Zobzalamo sizifuna ndalama. Ndowa yobooka, beseni long'ambika, chigubu cha malita 20 chodula pamwamba, mtsuko wosweka kukamwa, ngakhale thumba la ufa lopinda m'mphepete, zonse zimagwira ntchito, bola dothi likhale lakuya masentimita 25 mpaka 30. Timakapu ndi timabotolo tating'ono ayi, timauma pa ola limodzi. Tenthetsani msomali pamoto ndi kuboola pansi mabowo 6 kapena 8 aakulu ngati chala chaching'ono. Ngati ndowa ndi yakuda, ikulungeni ndi chiguduli kapena udzu, chifukwa pulasitiki yakuda imatentha mpaka kuphika mizu imene yagunda m'mbali. Kenako ikhazikeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka ndiponso kuti chiswe mukachione chisanalowe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndithu. Kuno ndi kwa thonje, ndipo m'makomo ambiri muli zigubu ndi mabotolo amene munali mankhwala opopera. Musabzalemo, musatungiremo madzi othirira, ngakhale mutatsuka kangati. Masamba awa ambiri timadya osaphika kapena kungowaviika m'madzi otentha.

Tsopano dothi, pamene ambiri timagwera. Makande akuda aja a cha ku Ngabu ndi achonde, thonje ndi mapira zimakondwa nawo. Koma m'ndowa amasanduka chinthu china. Akanyowa amamata ngati phala la dongo, mpweya sulowa, mizu imabanika. Akauma amalimba ndi kung'ambika, amachoka m'mbali mwa ndowa, moti ukathira madzi amangotsetsereka m'mphepete ndi kutulukira pansi, pakati pali pouma. Munthu umaona madzi akutuluka n'kumati ndathirira, chikhalirecho mbewu ili ndi ludzu. Mchenga wokhawokha wa m'mbali mwa mtsinje nawonso susunga madzi kapena chakudya. Choncho timasakaniza.

Tengani mbale imodzi ikhale muyeso. Mbale ziwiri za dothi la pamwamba, makamaka la pansi pa mtengo pamene masamba akhala akuwolerana. Mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje, wamakhaza osati wosalala ngati ufa. Mbale imodzi ya manyowa owolerana a ng'ombe kapena mbuzi. Ngati dothi lanu ndi makande enieni, onjezani mchenga ufike mbale imodzi ndi theka, ndipo ngati muli pafupi ndi chigayo cha mpunga, mankhusu akale odzaza manja awiri amathandiza kulimasula. Manyowa si osowa kuno, makola ali ponseponse, koma funani a pansi, akale, akuda, ofumbutuka m'manja, osanunkha ndowe. Aawisi amawotcha mizu ndipo amabwera ndi mbewu za udzu. Phwanyani zibuma zonse, sakanizani pathumba, wazani madzi pang'ono, kenako fumbatani m'dzanja. Likagwirana koma n'kufumbutuka mukaligunda ndi chala, lakhala bwino. Likakhala ngati mpira wa dongo loumbira mbiya, mukufunika mchenga wina. Dzazani ndowa kusiya malo a zala zitatu pamwamba, thirani madzi mpaka atuluke pansi, ndipo muisiye igone tsiku limodzi kapena awiri.

Phulusa musathire m'ndowa, ngakhale ena amatero. Nthaka yambiri ya kuchigwa kuno si yowawasa, ndipo madzi athu ali kale ndi mchere, ndiye phulusa limangowonjezera katundu. Feteleza wa m'thumba nayenso safunika pa ndowa zitatuzi. Manyowa akwanira.

Lemon grass sitibzala njere. Pemphani kwa mnansi phata, mung'ambe timitengo titatu kapena tinayi tokhala ndi timizu kunsi. Dulani masamba kusiya masentimita 15 mpaka 20 kuchokera patsinde, chifukwa masamba aatali amamwa madzi amene mizu yodukayo singathe kubweza. Zikani tsinde zala zitatu m'dothi, tsenderani ndi manja, thirirani. Masabata awiri oyamba adzaoneka ngati wauma. Musamuzule kuti muone ngati wagwira. Yang'anani pakati pa kamtengo: mukaona katsamba kobiriwira kakutuluka, wagwira. Mupatseni ndowa yaikulu kuposa zonse, ndipo ndiye mungamuike pamene dzuwa limakhalitsa.

Minti nayenso ndi wa nthambi. Dulani nthambi zotalika ngati chikhatho, thotholani masamba a m'munsi kusiya anayi a kunsonga, ndipo muziike m'kapu ya madzi abwino pamthunzi. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri, kuti asanunkhe komanso kuti udzudzu usaswanemo. Pakatha sabata kapena masiku 10 mudzaona timizu toyera m'mfundo. Pamenepo bzalani nthambi zitatu kapena zinayi m'beseni, madzulo dzuwa litapepa. Beseni lotambalala limamukomera kuposa ndowa yakuya, pakuti mizu yake imayenda cham'mbali. Akhale yekha, mukamuphatikiza ndi zina amazilanda malo. Mwa zitatuzi ndiye wofuna mthunzi kwambiri.

Koriyanda ndi wa njere, ndipo sakonda kuwokeredwa, choncho fesani momwe adzakuliremo. Kanjere kalikonse kozungulira kali ndi mbewu ziwiri mkati. Ikani njerezo pansalu, muzikanikize pang'ono ndi pansi pa kapu kuti zigawike pakati, osati kuzipera, kenako ziviikeni m'madzi usiku umodzi. Njere za m'sitolo ya zokometsera chakudya nthawi zina zimamera, koma ngati ndi zakale kapena zokazinga sizimera. Kuti musataye masabata, kulungani njere 10 m'kansalu konyowa ndi kuona ngati zituluka. Apo ayi gulani kapaketi kwa ogulitsa mbewu. Lembani timizere ndi chala, takuya sentimita imodzi yokha, wazani njere, fotserani mopepuka, ndi kuphimba ndi udzu wouma pang'ono. Zimamera pakati pa sabata imodzi ndi awiri. Zikangotuluka chotsani udzuwo, ndipo zikafika masamba anayi patulirani kuti pakati pazikhala mpata wa zala zitatu. Zimene mwazulazo musataye, thirani m'ndiwo za tsiku lomwelo.

Nkhani ya madzi ndi yaikulu kuno kuposa kwina kulikonse. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ina pang'ono, ina oti tiyi samweka. M'munda mvula imatsuka mcherewo, koma m'ndowa madzi amauma mchere n'kutsala, ndipo tsiku ndi tsiku umachuluka. Zizindikiro zake ndi ziwiri: kaufa koyera ka mchere pamwamba pa dothi ndi m'mbali mwa ndowa, ndiponso masamba opserera m'mphepete pamene dothi lili lonyowa. Woyamba kumene akaona masamba akupsa amaganiza kuti ndi ludzu, n'kumathira timadzi pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo ndiye akuwonjezera vutolo.

Lawani madzi anu. Ngati lilime likumva mchere, funani ena a mbewuzi: a kuchitsime cha kudimba, a mjigo wina wopanda mchere ngakhale uli patali, kapena a mvula amene mwasunga m'chigubu chotseka. Ndowa zitatu m'nyengo yozizira sizitha malita 5 patsiku, ndiye chigubu chimodzi chimakufikitsani masiku angapo. Ngati mukutunga ku Shire, tungani pamadooko odziwika ndipo musatume ana okha. Ng'ona sizisankha kuti madziwo ndi a chiyani. Madzi otsukira mpunga kapena masamba ndi abwino, musawataye. Ochapira zovala ndi sopo waufa ndi otsukira mbale zamafuta ayi. Ngati mulibe kuchitira mwina koma madzi amchere pang'ono omwewo, thirirani mokwanira nthawi imodzi mpaka madzi atuluke pansi, ndipo kamodzi pa sabata palani kaufa koyera kaja ndi supuni, kenako thirani madzi ambiri abwino kuti atsuke dothi. Lemon grass amapirirako, koma minti ndi koriyanda zimafooka msanga ndi mchere.

Thirirani m'mawa kwambiri, patsinde osati pamasamba. Madzi amene akhala padzuwa m'chigubu mpaka kutentha asiyeni azizire kaye. Musanathire, pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani mawa. Mu Juni ndi Julayi mwina muzithirira tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi. Kukayamba kutentha, m'mawa ndi madzulo. Masana masamba a minti amatha kugwetsa makutu ngakhale dothi lili lonyowa. Musathamangire ndowa ya madzi, onani madzulo ngati adzuka. Mbewu zikakula pang'ono, yalani udzu wouma kapena mankhusu a mpunga pamwamba pa dothi, koma osagunditsa patsinde. Mukafuna kuchokapo masiku awiri kapena atatu, boolani kabowo kakang'ono pachitsekero cha botolo la malita awiri, lidzazeni ndi kulizika chadodolido m'dothi, ndipo ndowa zonse muzisunthire pamthunzi.

Ziweto zikamasulidwa pambuyo pokolola, chobiriwira chilichonse pakhomo chimakhala pangozi. Mbuzi imodzi imamaliza beseni la koriyanda inu mukupita kukatenga mchere m'nyumba, ndipo nkhuku zimapalasa dothi lonyowa kufuna pozizira. Mangani kampanda ka bango kapena ka mapesi a mapira tsiku lomwe mukubzala, osati mawa lake. Kapena ikani ndowa pathandala lolimba lofika m'chiuno. Neti ya udzudzu imene mukugonamo musaisandutse mpanda.

Tizilombo tovuta ndi nsabwe za m'masamba, zimene zimaunjikana kunsonga ndi kupinditsa masamba, ndi kangaude wofiira, amene alimi a thonje ndi tomato amamudziwa bwino. Iyeyu amabwera kukatentha ndi kuuma. Masamba amachita timadontho toyera, kunsi kwake kuli timaukonde. Masiku awiri alionse tembenuzani masamba muone kunsi. Mukaziona zikadali zochepa, zitikiteni ndi chala kapena dulani nsonga imene yagwidwayo, kenako tsukani masamba ndi madzi. Zikachuluka, nimu tili naye m'makomo ambiri. Ine ndimasinja masamba odzaza mbale ya ndiwo, kuwaviika m'malita awiri a madzi usiku wonse, kusefa ndi nsalu, kusungunulamo kachidutswa kakang'ono ka sopo wamtanda, ndi kuwaza madzulo, makamaka kunsi kwa masamba. Dikirani masiku atatu musanathyole ndipo mutsuke bwino, chifukwa nimu amawawa. Mankhwala a thonje asayandikire n'komwe.

Koriyanda amakhala woyamba kulowa mumphika, pakatha masabata 5 kapena 6. Thyolani masamba a kunja kusiya a pakati, ndipo muzithira mutatsala pang'ono kuphula, chifukwa akawira nthawi yaitali fungo limathawa. Pa mlamba kapena pa nyemba ndi wokoma kwambiri. Kuti musamusowe, fesani njere zina pakapita masabata atatu alionse mpaka Julayi. Kukangoyamba kutentha adzatulutsa kamtengo pakati, masamba adzasanduka opyapyala, kenako maluwa oyera. Simunalakwitse kanthu, ndi chibadwa chake, ndipo ngakhale mutadula maluwawo sabwerera m'mbuyo. Musiyeni abereke. Njere zikasanduka zofiirira dulani mitu, umitsani pamthunzi m'lichero, ndi kusunga m'botolo louma lotseka bwino. Zina mudzasinja zokometsera nyama, zina ndi mbewu ya Meyi wotsatira.

Minti yambani kumutsina nsonga akafika kutalika kwa chikhatho ndi theka. Tsinani pamwamba pa mfundo, ndipo pamenepo padzatuluka nthambi ziwiri. Mukamamuopa kumudula amatalika n'kuwonda. Musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi. Lemon grass mudikireni miyezi itatu kapena inayi kuti phata lidzaze, kenako muzidula masamba a kunja ndi mpeni, mosamala chifukwa m'mphepete mwake amacheka ngati a nzimbe. Masamba awiri kapena atatu opinda, m'madzi owira mphindi zisanu, ndi tiyi wa banja lonse, ndipo masamba a tiyi ogula amakhalitsa. Tiyi ameneyu amatsitsimula munthu akamva chimfine, koma si mankhwala a malungo. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala akayezedwe tsiku lomwelo.

Sepitembala akafika, ntchito imasintha: simukukulitsanso, mukupulumutsa. Sunthirani minti pamthunzi wa tsiku lonse, mumudule afupike, ndipo nthambi zina mubzale m'chiwiya chachiwiri kuti china chikafa mutsale ndi mbewu. Ndowa imene munali koriyanda ikhuthuleni, sakanizani dothilo ndi mbale ya manyowa atsopano, ndipo mubzalemo basil wogula kapena mpungabwe wathu uja womera m'mbali mwa njira, amene agogo athu ankaika m'nyumba kuingitsa udzudzu. Amenewa kutentha sakuopa bola madzi alipo. Njere zake ndi zazing'ono, ingowazani pamwamba ndi kufotsera pang'ono kwambiri. Zimamera pasanathe masiku 10, ndipo maluwa akayamba muziwatsina kuti masamba apitirire. Mvula yoyamba ikagwa, ng'ambani phata la lemon grass, gawo lina mubzale pansi pamalo okwera pamene madzi sadikha, masentimita 60 kuchoka pa linzake, lina libwerere m'ndowa ndi dothi latsopano. Ndowazo muzikweze pa njerwa zina ndi kuchotsa udzu wophimbira uja, kuti madzi a dzinja azituluka msanga.